Tizitsulo ta pa Maginito

3 Malichi

Okondedwa Bambo,

Landirani moni, inu pamodzi ndi amayi. Ndikhulupirira bondo la amayi lasiya kuvuta, nanunso chifuwa chija chakusiyani. Ine kuno ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, kungoti dzuwa ndimaliona mwa apo ndi apo, poti ntchito yathu ndi ya kunsi kwenikweni kwa sitima.

Ndayamba kulemba chifukwa pafoni sitimvana. Lamlungu lija ndinakuwa mpaka mnzanga wa m'chipinda anadzuka, inu mukungoti, "Wati chiyani?" Mainjini a malole anakudyerani makutu, a kuno nawo ayamba kudya anga. Ndiye ndizilemba papepala n'kujambula pafoni, mlongo wanga azikasindikiza n'kukuwerengerani.

Nkhani yake nayi: andilola. Munthu akakwanitsa zaka zitatu akugwira ntchito pa sitima ino, amamulola kuitana m'bale wake mmodzi kuti akwere nawo ulendo wa masiku asanu ndi awiri, ngati alendo olemera amene timawayendetsa panyanja. Ndalembetsa dzina lanu. Ulendo wanu ukunyamuka pa 20 Meyi. Amayi asandikwiyire, ndi okha anati madzi amawachititsa chizungulire ngakhale a m'beseni.

Mudzagona chipinda cha alendo, cha windo, ndipo mudzadyera pa tebulo la nsalu yoyera. Koma ndikudziwa kuti zimenezo mulibe nazo ntchito. Ndinapita kwa mkulu wa mainjini, amene timawatcha a Chindevu, n'kuwauza kuti bambo anga akonza malole zaka makumi anayi ndipo akufuna kuona injini yathu. Anaseka n'kunena kuti, "Abwere, adzatiuze pamene tikulakwitsa." Ndiye mudzatsika. Bambo, pistoni imodzi kukula kwake ngati mgolo wa madzi. Magiyabokosi alipo awiri, ina kumanja ina kumanzere, iliyonse ngati chipinda chanu chogona, ndipo iliyonse imazunguza shafiti yake imene imakankha sitima pansi pa madzi.

Pasipoti muyambe kuyendera mawa lomwe, musadikire. Ya zithunzi ndi mafomu ndatumiza kwa mlongo wanga. Mugulenso nsapato za mphira kunsi, chifukwa masitepe a kuno ndi achitsulo ndipo amaterera.

Chinthu chimodzi chokha. Ndamva kuti pa galaja mukumauza anthu kuti mwana wanu ndi injiniya. Chonde chepetsani. Ntchito yanga ndi kupukuta oyilo, kutsuka mafyuluta ndi kupatsira anthu masipanala. Ondiyang'anira ndi a Mdala, munthu wamkulu ngati inu, amene akhala pa sitima zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mudzagwirizana nawo, nawonso sakonda zoyankhulayankhula.

Ndine mwana wanu.


9 Epulo

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi? Ine ndili bwino, kupatula chimfine cha masiku awiri, koma chatha.

Chithunzi cha pa pasipoti ndachiona. Mwachita kukwinya nkhope ngati akukujambulani ndi apolisi. Mlongo wanga wandiuzanso za suti imene mwasoketsa. Akuti telala wauza msewu wonse, moti anthu akumabwera pa galaja opanda galimoto, kudzangofunsa ngati ndi zoona. Akutinso mwagula kope loti muzidzalembamo zimene mudzaone ku mainjini. Ndinaseka ndekha powerenga.

Tikiti ya ndege ndagula. Ndi yotchipa ija yosasintha tsiku, ndiye pa 18 Meyi pasapezeke lole ya munthu wolira kuti ndikonzereni lero lomwe. Kompuresa ya pa galaja musagulitse, zofunika zonse ndakwanitsa.

Kuno anthu ali ndi kankhawa. Sitima ina ya kampani yathu yomweyi inafa injini mwezi watha, maulendo atatu n'kuimitsidwa. Alendo anabwezedwa ali kale pa doko ndi zikwama zawo. Mnzanga wa m'chipinda ndi woperekera zakudya, timamutcha Sekerera chifukwa ngakhale mlendo amutukwane, iye mano ali pamtunda. Akuti alendo akumamufunsa patebulo, "Kodi iyi siifa?" Iye amayankha kuti, "Iyi ndi yolimba, amaipukuta ndi mnzanga." Anthu ngati Sekerera malipiro awo ndi ochepa, amadalira kangachepe kamene alendo amawasiyira. Ulendo ukaimitsidwa, oyamba kulira ndi iwowo.

Masiku ano a Mdala msana ukuwavuta. Fyuluta ya giyabokosi ya kumanzere ili pansi, pofunika kukwawa kuti uifike, ndiye akumandisiya ndizitsegula ndekha Lolemba lililonse, iwo n'kusaina pepala. Akuti, "Maso ako ndi atsopano, anga atha." Ndi ulemu waukulu, sapatsa aliyense.

Ndifunseko. Paja m'fyuluta mumakhala maginito aja ogwira tizitsulo ta mu oyilo. Munkati maginito akamera ubweya, ndiye kuti m'kati zitsulo zayamba kudyana. Kodi zikatero, makina angayendebe masabata angati? Asanu ndi awiri angakwane? Ndikungofunsa, tinali kutsutsana ndi anzanga pa tiyi.

Amayi muwauze kuti mafuta opaka pa bondo ndagula, mudzawatengera pobwerera.

Ndine mwana wanu.


1 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni nonse pakhomo. Ndasangalala kumva kuti amayi ayambanso kuyenda mpaka kumsika. Ine ndili bwino, kungoti chakudya sichikulowa kwenikweni. A Mdala akuti ndaonda. Ndi kutentha kwa kunsiku.

Yankho lanu mlongo wanga wanditumizira mmene munanenera: "Zimenezo safunsa masabata. Umazimitsa, n'kutsegula." Ndamva, Bambo. Kungoti sitima si lole. Lole ukaiimitsa, wodandaula ndi mwini wake yekha. Kuno ukaimitsa, odandaula ndi anthu zikwi zitatu. Koma ndamva.

Tsopano za ulendo. Pa bwalo la ndege mufike msanga, mlongo wanga akuperekezani mpaka pa chipata. Akuti mwalongedza sikuludiraiva yaitali ija mumamvera injini mutaigunditsa kukhutu. Tengani, koma muike m'chikwama chachikulu, osati cha m'manja, angakulandeni. Mukatsika ndege mudzapeza munthu atanyamula pepala la dzina lanu. Musakwere galimoto ya wina aliyense, ngakhale akusekerereni bwanji.

Kuno aliyense akudziwa kuti mukubwera. Sekerera wakonza kuti mudzakhale pa tebulo lake, akuti adzakuperekerani chakudya ngati nduna. Akumayeserera pa ine m'chipinda, thaulo pa mkono, akuti, "Bwana mkulu, mumwa chiyani?" A Chindevu akusungirani ovolosi yatsopano ndi chipewa cholimba. Anandifunsa saizi yanu, ndinati ngati yanga koma yaifupi miyendo.

Masiku ano ndikumapita kukaigwira ndi dzanja giyabokosi ya kumanzere ija, kangapo patsiku, ngakhale isali nthawi yanga ya ntchito. Dzana a Mdala anandipeza nditaitsamira. Anati, "Waikonda bwanji imeneyi, ukufuna kuikwatira?" Ndinaseka nawo.

Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi anayi okha. Inu ndi amayi muzipempherera sitimayi kuti ikhale bwino. Ikangofika pa 27, basi.

Ndine mwana wanu.


13 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndili moyo, ndili bwino, palibe wavulala. Ndayamba ndi zimenezi kuti amayi asadzidzimuke. Ndikhulupirira nanunso muli bwino.

Musanyamuke. Ulendo wanu kulibe.

Lachisanu m'mawa, cha m'ma teni, tili pakati pa nyanja, giyabokosi ya kumanzere inalira. Kulira kwake mukukudziwa, kuja kwa chitsulo chikamatafuna chinzake, kungoti kuno kunagwedeza pansi ponse mpaka masipanala anagwa pa khoma. Mabelu analira, utsi wa oyilo wopsa unadzaza. A Chindevu anathamanga okha kukazimitsa mbali imeneyo. Ine ndinangoima ndi chisanza m'manja. A Mdala anachita kundikankha kuti ndisunthe.

Tinayenda ndi shafiti imodzi masiku awiri, pang'onopang'ono ngati ngolo. Madoko awiri amene alendo analipirira kuti akaone tinangowapitirira. Pofika, timaboti tiwiri tinachita kutikoka. Kaputeni analengeza kuti maulendo onse mpaka kumapeto kwa Juni aimitsidwa. Wanu uli momwemo.

Choipa n'chakuti alendo a ulendo wotsatira anali atafika kale. Ena uthenga unatumizidwa ali m'ndege. Ife a kumainjini anatiuza kuti tisambe, tivale zoyera, tikathandize kubweza zikwama ku mabasi. M'chiholo cha pa doko munali anthu mazanamazana, ena akukalipa, ena angokhala pa zikwama zawo atagwira tsaya. Mayi wina anali ndi ana atatu ovala zipewa zofanana. Wamng'ono ankaloza pa windo n'kumafunsa kuti sitima si iyo, bwanji sitikukwera?

Ine ndinanyamulira okalamba awiri, mwamuna ndi mkazi wake. Aamunawo amayendera ndodo. Aakaziwo anandiuza kuti akwanitsa zaka makumi asanu ali pabanja, ndipo ana awo anasonkherana kuti awakweze sitima. Ndinati pepani. Ndinatinso pepani kachiwiri, kachitatu, mpaka anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwana wanga, usapepese chonchi. Makina amafa. Si iwe wachita." Pokwera basi anandifumbatitsa kangachepe. Ndinakana, iwo anaumirira. Ndinakapatsa Sekerera, sindikanatha kukhala nako m'thumba.

Tikiti ya ndege yapita, sabweza. Musadandaule nayo, imeneyo ndi yanga. Chimene chikundiwawa ndi inu: suti, kope lija, anthu a mumsewu. Muwauze kuti sitima yawonongeka. Ndi zoona, ndipo zatuluka ndi pa nkhani pomwe.

Pepani, Bambo. Pepani kwambiri.

Mwana wanu.


29 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi amayi. Ndamva kuti galaja simunatsegule masiku awiri, kenako mwayambiranso. Ine thupi lili bwino.

Mawu anu ndalandira, akuti makina ndi makina, tidzakwera chaka cha mawa. Mukanandikalipira bwenzi zili bwinoko.

Sitima ili pa doko louma. Amailowetsa m'chidziwe chachikulu, kutseka chitseko, kupopa madzi onse, iyo n'kukhala pa zipika ngati lole yokwezedwa pa majeki. Aboola m'mbali kuti atulutse giyabokosi. Mano asanu ndi awiri a giya yaikulu athothoka. Yatsopano ikuchokera kutali, moti tsopano akuti mpaka Julaye. Maulendo asanu ndi atatu onse apita.

Popeza kulibe alendo, anthu oposa mazana asanu ndi limodzi awabweza kwawo kuti akadikire: operekera zakudya, okonza zipinda, ochapa, oimba. Sekerera wapita Lachiwiri. Mkazi wake ndi woyembekezera, mwezi wa mawa ndi wake. Ankati miyezi ino ya alendo ambiri ndiyo imugulira zonse za mwana. Ndinamunyamulira chikwama mpaka pa chipata cha doko. Anandisiyira ketulo yake, akuti, "Usunge, ndidzaipeza. Ndipo uwauze anzako a kumainjini akonze msanga, ana athu amadya chitsulo chimenecho." Ananena akusekerera monga mwa masiku onse. Bedi lake lili mbee, ndikumagona chotembenukira kukhoma.

Kwabwera amuna awiri ochokera ku likulu la kampani, ovala mataye. Akuti giya siithothoka mano tsiku limodzi, fyuluta inayenera kuonetsa kale. Atenga mapepala onse a Lolemba lililonse. Onse alembedwa kuti zili bwino, ndipo pansi pake pali siginecha ya a Mdala. Awaitana katatu. Kwatsala miyezi isanu ndi itatu kuti apume pa ntchito, ndipo akachotsedwa ndi mlandu, zopumira nazo zonse zipita. Iwo sananene kuti wotsegula fyuluta ndinali ine. Dzulo pa tiyi anandithirira okha shuga n'kunena kuti, "Usaope, izi ndi za akuluakulu." Tiyiyo sindinamumalize.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, muyambe ndi mankhwala a amayi, zina zidikire.

Pali nkhani ina, koma si yoti mlongo wanga awerenge mokweza. Ndidzalemba.

Mwana wanu.


11 Juni

Iwe mlongo wanga, iyi usindikize zilembo zikuluzikulu, uipinde, uwapatse Bambo awerenge okha. Ndakupempha.

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Za ine muweruza nokha mukamaliza.

Panalibe anzanga amene ndinatsutsana nawo pa tiyi. Lolemba loyamba la Epulo ndinatsegula fyuluta ya kumanzere n'kupeza maginito atamera ubweya. Ndinadziwa pomwepo. Munandionetsa ndinu ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, munandigwiritsa ndi chala. Ndinakhala pansi pamenepo nthawi yaitali. Kenako ndinapukuta ndi chisanza, n'kutseka, n'kuwauza a Mdala kuti zili bwino. Iwo anasaina.

Ndinachita zimenezi Malolemba asanu. Sabata iliyonse tizitsulo tinkachuluka.

Maganizo anga anali akuti ndikanena, aimitsa sitima, ndipo kukonzako kugwera pa ulendo wanu. Ndinaganiza za tikiti, za suti, za anthu obwera pa galaja kudzafunsa. Ndinati ingopirira mpaka pa 27 Meyi, mukangotsika ndikanena. Tizitsulo tina ndinkasunga m'kabotolo ka mankhwala, ndinkati mukabwera ndidzakuonetsani mundiuze chochita. Ngati kuti simunandiuze kale.

Lolemba lapitali ndinamva kuti kalata yochotsa a Mdala yalembedwa, ikungodikira kusainidwa. Ndinatenga kabotolo kaja n'kupita ku ofesi ya a Chindevu. Ndinagogoda, ndinalowa, ndinakaika pa tebulo.

Anakanyamula, anakayang'ana pa getsi, anakagwedeza. Anati, "Zachokera kuti?"

Ndinati, "Fyuluta ya kumanzere, bwana. Ndinkatsegula ndine. A Mdala sanaone."

"Kuyambira liti?"

"Epulo."

"Unkadziwa tanthauzo lake?"

Apa ndikanatha kunama, Bambo. Wopukuta oyilo palibe amene amayembekezera kuti angadziwe. Koma ndinati, "Ndinkadziwa. Bambo anga anandiphunzitsa."

Anavula magalasi. Anati, "Ukanakhala mbuli, bwenzi ndikukuphunzitsa. Tsopano ndikuchite chiyani?" Anafunsa chifukwa chake, ndinawauza zonse. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa ovolosi yanu ija, ikadali m'pepala lake, n'kuiika pambali pa kabotolo. Anati, "Mu Epulo inali bering'i imodzi yokha. Tinali nayo m'sitolo. Masiku asanu pa doko, ulendo umodzi wokha ukanaimitsidwa, wa mu Epulo momwemo. Bambo ako akanakwera."

Mawu amenewa ndi amene sakundichoka m'mutu.

Anaitana amuna a mataye aja, ndinabwereza zonse, iwo akulemba. Kenako anaitana a Mdala. Anamvetsera ali chiimire, dzanja lili pa msana. Sanakalipe. Potuluka anaima pafupi nane n'kunena motsitsa kuti, "Ndinakubwereka maso anga." Basi. Kuyambira tsiku limenelo akakumana nane amayang'ana kumbali.

Andiimitsa ntchito kudikira chigamulo. A Mdala akuti alandira chenjezo chifukwa chosaina asanaone, koma sachotsedwa. Chimenecho chokha ndiye chabwino m'kalata ino.

Musaganize kuti ndikuti ndinachitira inu. Simunandipemphe. Ndinkafuna mudzandione ndikukutsogolerani pa masitepe aja, a Chindevu akukugwirani chanza, mukabwerere mukauze anthu. Ndinkafuna zimenezo kuposa mmene ndinkaopera, ndipo m'sitimamo munali anthu zikwi zitatu, ana omwe.

Amayi muwauze mmene mungaonere. Ine ndalephera kupeza mawu ake.

Mwana wanu, ngati mundilola.


26 Juni

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi.

Masabata awiri apita, sindinamve kanthu. Mlongo wanga akuti munawerenga, munapinda, munaika m'thumba la ovolosi n'kupita ku galaja osadya. Akuti sakudziwa chili m'kalatamo ndipo akuopa kufunsa. Sindikukukakamizani.

Chigamulo chatuluka. Ntchito yatha, ndipo pa sitima za kampani ino sindidzalembedwanso. Sanditengera kukhoti, a Chindevu anandiyankhulira kuti ndinabwera ndekha. Anditulutsa m'sitima, ndikukhala m'nyumba ya alendo pafupi ndi doko kudikira mapepala ndi tikiti. Pa windo ndimaiona sitima ili pa zipika zake.

Sekerera ndamulembera, ndamuuza zonse. Foni ikuonetsa kuti anawerenga. Sanayankhe. Mwana wabadwa, wamkazi, ndaona chithunzi kwa anzathu ena. Ketulo yake ndasiya kwa woyang'anira zipinda, ndalembapo dzina lake.

Mwezi uno palibe chimene nditumize. Pepani.

Mwana wanu.


9 Julaye

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi amayi. Ine ndili bwino, ndayambanso kudya.

Kapepala kanu kafika. Mlongo wanga anakajambula mmene munalembera, ndi pensulo ya pa galaja, chala cha girisi chili pakona. Ndawerenga mwina kakhumi. Mwafunsa kuti, "Tizitsulo tinali tosalala ngati fumbi kapena takuthwa?" Ndipo pansi pake, "Bwera, ntchito ilipo."

Ndiyankhe funsolo. Masabata awiri oyamba tinali ngati fumbi, ukatipikisa pa zala timangosiya kuda. Sabata yachitatu tinayamba kubaya. Yachisanu munali tina totalika ngati njere za mpunga, tonyezimira mbali imodzi. Ndikudziwa chimene munene. Mudzanene ndili pompo, ndidzamvetsera mpaka mumalize.

Sitima yanyamuka dzulo masana. Ndinapita kukaima kunja kwa mpanda wa doko, pamodzi ndi anthu ongoonerera. Alendo anadzaza m'makonde onse, nyimbo zikulira, akubayibitsa aliyense. Inatuluka bwinobwino, madzi akuwira mofanana mbali zonse ziwiri kumbuyo kwake. Ndinasangalala, Bambo, sindinayembekezere. Anthu aja abwerera pa ntchito pafupifupi onse. Sekerera ali momwemo, koma sanandifune, ndipo sindikumudandaula.

M'mawa wake, isananyamuke, mlonda wa pa chipata anandiitana kuti pali munthu akundifuna. Anali a Mdala. Sanandipatse moni. Anati akhala akukwawa okha kukatsegula fyuluta ija, msana ukuwawa choncho. Kenako anati, "Ndakhala pa sitima zaka zonsezi, ndaona anthu ambiri akubisa. Wobwera yekha ndi kabotolo ndaona mmodzi. Sindinakukhululukire, usadzinamize. Koma ndati upite ukudziwa." Anatembenuka n'kumapita. Ndinawathokoza kumsana.

Ndinyamuka Lachiwiri, ndifika Lachinayi ndi basi. Amayi asakonze chilichonse, asaitane anthu, si ulendo wobwera ndi mphatso. Ndili ndi chikwama chimodzi ndi mafuta awo a bondo.

Poyamba ndinaganiza zotsikira siteji ya kuseri, ndidzere njira ya kumpanda kuti anthu asandione. Ndasintha. Nditsikira pa galaja pomwe, dzuwa lili pamutu. Ndikudziwa kuti telala atuluka, ndi ena onse aja, adzafunsa kuti a injiniya abwerera bwanji msanga. Musadzawayankhe ndinu, Bambo. Mwanyamula kale zokwanira. Mudzangoloza ine.

Ndine mwana wanu.